Za Azungu Izi: Mbiri ya Ziboliboli pa Zionetsero za mu Blantyre

Chaka ndi chaka, mvula ikatha ndipo chiperoni chikayamba kulowa m'mafupa, anthu a mu Blantyre amakhamukira ku Chichiri kukaona chionetsero cha zamalonda, chija tonse timangoti Trade Fair. Minibasi za pakati pa Limbe ndi Blantyre zimakhuthula anthu pachipata, ana a sukulu amalowa pamzere atavala mayunifolomu, zimkuzamawu zili pokopoko mbali zonse. Chikhamu chimaunjikana pamene pali mathirakitala, mafoni ndi zakumwa zolawitsa ulere. Koma tapitani kumene kuli a ntchito zamanja, kumene ayala ziboliboli, mipando yoluka, madengu, mikanda ndi zithunzi zojambula pansalu. Kumeneko anthu amayenda pang'onopang'ono, amaloza, wina amanyamula kanjovu kamtengo n'kukatembenuza uku ndi uku, kenaka n'kukabwezera pamalo pake. Ndipo mawu omwe amamveka kawirikawiri ndi akuti, "Zokongola ndithu, koma za azungu izi."

Mawu amenewa ngodabwitsa mukawalingalira bwino. Mtengo unamera kuno, wosema anabadwira kuno, nsompho yomwe anasemera inasulidwa kuno, koma chinthucho chikatha ife eni dziko timati n'cha azungu. Maganizo otere sanagwe kumwamba ngati matalala ayi. Ali ndi mbiri yake, ndipo mbali yaikulu ya mbiriyo mungathe kuilondola mumzinda uno, kuchokera pa Mandala kukafika pa Chichiri, ulendo wosakwana ola limodzi wapansi.

Tiyambe ndi nthawi imene kunalibe chionetsero chilichonse. David Livingstone atafika m'chigwa cha Shire ndi kumapiri kuno mu 1859, anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuwomba nsalu m'midzi mwawo. Anapezanso ng'anjo zosungunulira chitsulo ndi zipala momwe amisiri ankasula makasu, nkhwangwa, mikondo ndi zibangili. Amayi ankaumba mitsuko ndi nkhali, abambo ankaluka malichero ndi mphasa, ena n'kumasema mitondo, zipande ndi ng'oma. Wogula zonsezi anali mnansi. Khasu ankaligula ndi nkhuku, mtsuko ankausinthanitsa ndi mapira kapena mchere, ndipo mtsukowo ukasweka mwezi usanathe, mwiniwake ankadziwa khomo lokadandaulapo. Mmisiri ankadziwika ndi dzina lake ndi mudzi wake. Kukongoletsa kunalipo, taonani mphini za pakhosi pa mtsuko wakale, koma kukongolako kunkakhala pa chinthu chogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Zosema zina, monga zigoba za gule wamkulu, zinali za kudambwe, ndipo panalibe munthu wolota zodzaziyala pamsika.

Kenaka kunabwera sitolo. Amishoni a ku Scotland anakhazikitsa mishoni ya Blantyre mu 1876, ndipo patangopita zaka ziwiri abale awiri, John ndi Frederick Moir, anayamba malonda a kampani yomwe inadzadziwika kuti African Lakes. Magalasi a m'maso a John ndiwo anapatsa kampaniyo dzina loti Mandala, ndipo nyumba yosanja yomwe anamanga mu 1882 ikadalipo mpaka lero. Sitolo za Mandala zinafalikira m'maboma, za amwenye zinatsatira pambuyo. Nsalu ya m'mafakitale a kunja inali yosavuta kupeza kuposa yowomba pamanja, makasu a kunja ankafika ambirimbiri, kenaka kunadza mapoto ndi mbale zachitsulo. M'zaka makumi ochepa chabe ng'anjo zinazima, owomba nsalu anasiya ntchito yawo. Thonje ankalimabe, koma tsopano linali longochotsa njere n'kulitumiza kunja. Mukamadutsa pa Ginnery Corner popita ku Chichiri, dziwani kuti dzinalo n'chikumbutso cha makina ochotsera njere za thonje lopita kutsidya kwa nyanja.

Luso lokha silinafe. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, ndi umboni wake: njerwa zake zinaumbidwa ndi kuotchedwa konkuno, ndipo anazisanja ndi anthu akuno omwe anali asanamangepo nyumba yotero chibadwire. Koma funsani lero kuti anamanga ndani, aliyense akuuzani kuti ndi David Clement Scott. Dzina la mmisiri wakuda linayamba kusowa pa ntchito ya manja ake. M'zaka zomwezo za m'ma 1890 boma la atsamunda linakhazikitsa msonkho wa nyumba, ndipo munthu aliyense anayamba kusaka masheleni. Wosema amene mnansi wake anali atatembenukira kusitolo anapeza wogula watsopano: bwana wa kuboma, mzungu wa kumunda wa tiyi, msilikali wobwerera kwawo, aliyense wofuna kanthu kokaonetsa abale ake kuti anafikadi ku Africa. Umu ndi mmene chiboliboli chinabadwira, chinthu chosemedwa kuti chizingoonedwa, ndiponso choti chiwoloke nyanja.

Zionetsero zazikulu za masiku amenewo zinkachitikira kutali ndi ife. Mu 1924 ndi 1925 ku Wembley, mumzinda wa London, kunali chionetsero cha maiko olamulidwa ndi Britain, ndipo Nyasaland inapatsidwa malo m'nyumba ya maiko a kum'mawa kwa Africa. Cholinga chachikulu chinali kukopa ogula fodya, tiyi ndi thonje. Zamanja za anthu akuda pa zionetsero zotere zinali zongokometsera. Mu 1953, chaka chomwe anatikakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ku Bulawayo kunachitika chionetsero chokumbukira kuti patha zaka 100 chibadwire Cecil Rhodes. Kumeneko anachita kumanga mudzi wongoyerekeza, n'kuikamo anthu akuda oti aziumba, kuluka ndi kusema alendo akuonerera. Mmisiri mwiniyo anasanduka gawo la chionetsero. Ndipo mwambo wa malo otere unali umodzi: kakalata ka pansi pa chinthu kankatchula mtundu wa anthu ndi dera lawo, dzina la wopanga osalembapo. Chithunzi chojambula mzungu chinali cha uje mwana wa uje, pamene chosema cha munthu wakuda chinali cha "Achewa" kapena "Ayao" basi, ngati kuti fuko lonse linagwira nsompho imodzi.

Kwathu kuno, malo osungirako zinthu zakale anatsegulidwa mu 1960, ndipo tamverani komwe anawaika: pa Mandala pomwe paja. Pansi pa denga la kampani imene malonda ake anathandiza kuzimitsa ng'anjo, m'pamene zinthu za makolo zinakapeza pogona. Mu 1966 nyumba yatsopano yosungiramo zakalezi inatsegulidwa pa Chichiri, ndipo pa Chichiri panasanduka pamalo pomwe dziko linkadzionetsera. Pomwepo panali bwalo lalikulu la zamasewero, pomwe pa 6 Julaye pankagundika ingoma, beni, chioda ndi gule wamkulu pamaso pa Kamuzu. Pomweponso m'pamene Yunivesite ya Malawi inayambira mu 1965, Chancellor College isanasamukire ku Zomba mu 1973. Ndipo chapafupi pompo a ku France anatsegula French Cultural Centre, komwe kwa zaka zambiri ojambula ankapachika zithunzi zawo, a zisudzo ndi alakatuli n'kumasonkhanako.

Boma la chipani chimodzi linkakonda chikhalidwe, koma makamaka chija chotha kuimba ndi kuvina. Nyimbo ungaisinthe mawu n'kuikamo dzina la mtsogoleri, chiboliboli sichiimba. Choncho ovina ankanyamulidwa pa malole kupita kubwalo, osema n'kutsala m'mbali mwa msewu kudikira alendo. Ndipo alendowo ankabweradi. Malawi atakhazikitsa ubale ndi boma la tsankho la South Africa mu 1967, azungu a kumeneko, omwe maiko ambiri a mu Africa sankawalola kulowa, anayamba kudzapuma kunyanja kwathu. Mu Blantyre ogulitsa ziboliboli anayala katundu wawo m'mbali mwa Victoria Avenue, kufupi ndi mahotela a Mount Soche ndi Ryalls. Ku Lilongwe anayala pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town, enanso ku Zomba, ku Liwonde ndi ku Senga Bay.

Wogula ndiye amalamula nsompho. Mlendo ankafuna njovu, mvuu ndi chipembere, ndiye osema anasema zimenezo. Ankafunanso nyamalikiti, ndiye anamusemera nyamalikiti, ngakhale kuti m'nkhalango zathu nyamayi ndi yachilendo, moti pofuna kuti ku Majete ikhaleko anachita kukatenga zina ku South Africa mu 2018. Mlendo anali ndi sutikesi, ndiye chilichonse chinayenera kulowa m'sutikesi: katebulo kochotsa miyendo, bawo lopinda ngati buku. Ngakhale mpando wotchuka uja umatchedwa wa mfumu, womwe osema a ku Chingale ndi a m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde amaudziwa bwino, ndi matabwa awiri olowetsana, osavuta kuwamasula ndi kuwakulunga pokwera ndege. Kodi ndi mafumu angati omwe munawaona akuweruza mlandu atakhala pampando umenewu? Ndiye munthu wa ku Ndirande akamati "za azungu izi" sakunama kwenikweni. Akungonena zomwe maso ake akuona, kuti chinthuchi pochisema sankaganizira iye.

Njira ina inaoneka ku Mua, m'boma la Dedza. Wansembe wa ku Canada, Bambo Claude Boucher, yemwe anafika m'dziko muno mu 1967 ndipo anthu anamupatsa mfunda woti Chisale, anayambitsa malo a zaluso a KuNgoni mu 1976. Kumeneko osema anazolowera kusema nthano za makolo, miyambo ya chinamwali ndi ya maliro, ndiponso nkhani za m'Baibulo zokhala ndi nkhope zachimalawi. Ntchito zawo zinafika m'matchalitchi a kuno ndi a ku Ulaya, ndipo chachikulu n'chakuti wosema ankadziwika kuti ndi uje. Ku Chancellor College nakonso kunali aphunzitsi monga Kay Chiromo wojambula ndi Willie Nampeya wosema, anthu oika dzina pa ntchito yawo. Mu 1987 pa Dedza panayamba fakitale youmba makapu ndi mbale zadothi zoti munthu amweremo ndi kudyeramo ndithu. Zonsezi zinasonyeza kuti luso la kuno lingathe kukhala ndi mwini wake. Komabe tinene chilungamo, ngakhale kumeneko ogula ambiri anali alendo omwewo, pamodzi ndi azungu ogwira ntchito m'mabungwe.

Chionetsero cha pa Chichiri monga tikuchidziwira lero chinayamba mu 1989. Amachikonza ndi a bungwe la amalonda lomwe tsopano limatchedwa MCCCI, lomwe mizu yake ndi bungwe la azungu olima ndi ochita malonda la mu 1892. Kwa amisiri uwu unali mwayi wosowa: masiku pafupifupi khumi pomwe anthu zikwizikwi a m'tauni, Amalawi olandira malipiro pakutha pa mwezi, ankadutsa pamaso pa katundu wawo. Chaka chomwecho maiko anagwirizana zoletsa malonda a minyanga ya njovu pakati pa dziko ndi dziko, ndipo omwe ankasema minyanga anatembenukira ku mitengo. Kenaka zinthu zinathamanga. Riferendamu inachitika mu 1993, chisankho mu 1994, ndipo chaka chomwecho kwacha anaisiya kuti izidziyendera yokha pamsika. Ndalama ya m'thumba mwa munthu wapantchito inafooka, misika inadzaza kaunjika ndi mapulasitiki otchipa. Mayi amene akanagula dengu anagula beseni la pulasitiki, ndipo ndani angamudzudzule?

Pali chinanso chomwe woyenda pa chionetsero sachiona. Malo oyalapo katundu ngolipira. Wosema wa ku Chingale kuti afike pa Chichiri ayenera kupeza ya galimoto yonyamula iye ndi katundu wake wolemera, ya malowo, ya chakudya ndi pogona kwa masiku onsewo, kwinaku ntchito ya kumunda ikudikira. Ambiri sangakwanitse. Choncho amene mumamupeza patebulo nthawi zambiri ndi wopikula, yemwe anagula zinthuzo zili mbuu, n'kuzikwecha ndi sanipepa, kuzipaka polishi ndi kuziikira mtengo. Sitikumunyoza wopikulayo, nayenso amaika ndalama zake pachiswe. Koma mukamufunsa kuti anasema ndani, kawirikawiri yankho limakhala loti "anyamata a kumudzi". Ulamuliro wa tsankho utatha ku South Africa mu 1994, opikula ambiri anayamba kunyamula ziboliboli pabasi kudzera ku Mwanza, Tete ndi Harare, kukagulitsa ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Kumeneko ndi dzina la dziko lomwe linkasowa: mvuu ya ku Liwonde inkangokhala "ya ku Africa".

Mu 2009 kunayamba Blantyre Arts Festival, chikondwerero chomwe anayambitsa Thom Chibambo, ndipo pambali pa oimba, alakatuli ndi a zisudzo, ojambula ndi a ntchito zamanja nawonso anapeza poonetsera zawo. Koma mu 2011 a ku France anatseka malo awo aja. Boma linawagula n'kuwatcha Blantyre Cultural Centre, ndipo kwa zaka zingapo anakhala ngati bwinja, akuba atasolola zambiri za m'katimo. Nkhonya yaikulu inadza mu 2020. Mliri wa Covid-19 utatseka mabwalo a ndege, chionetsero cha pa Chichiri sichinachitike, alendo anasowa, ndipo ogulitsa ziboliboli ankangopukuta fumbi pa njovu zawo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Ntchito yomwe kwa zaka zoposa 100 inali ikudalira mame inauma dzuwa litangotuluka.

Tsono pali nkhani ya mtengo, ndipo Chichewa chathu chinachita bwino kutipatsa liwu limodzi pa zinthu ziwiri: mtengo womera m'tchire ndi mtengo wolipira pamsika. Ziwirizi n'zomangana. Chiboliboli chopanda dzina chimagulidwa motchipa chifukwa patebulo lotsatira pali zinzake zambirimbiri zofanana nacho. Kuti wosema apeze ya thumba la feteleza ayenera kusema zochuluka, ndipo kusema zochuluka n'kugwetsa mitengo yochuluka. Mtengo wa phingo, wakuda uja alendo amaukonda, umatenga zaka 70 kapena kuposa kuti ukhwime. Unayamba kusowa, moti ena amasema mtengo wamba n'kuudetsa ndi polishi wa nsapato, ndipo kuyambira mu 2017 malonda ake a pakati pa maiko amayang'aniridwa ndi pangano la CITES. Mkungudza wa ku Mulanje, womwe unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, womwenso ankapangira timabokosi tonunkhira tija, unadulidwa mpaka kalembera wa mu 2017 anapeza ikuluikulu 7 yokha paphiri lonselo. Osema si ndiwo anamaliza nkhalango. Ocheka matabwa, ootcha makala ndi moto wolusa anawononga zambiri kuposa iwo. Koma iwowa ali m'gulu la oyamba kugona ndi njala mitengoyo ikatha.

Kuti mudziwe kuti dzina lili ndi mtengo wake, taonani izi. Mu Seputembala 2022, pa Trafalgar Square pakati pa London anaimikapo chifaniziro cha John Chilembwe atavala chipewa, ataima ndi mnzake John Chorley. Nyuzipepala za m'maiko ambiri zinalemba kuti ndi ntchito ya Samson Kambalu, Mmalawi yemwe anaphunzira ku Chancellor College. Palibe inalemba kuti ndi ntchito ya "Achewa" kapena ya "anyamata a kumudzi". Kuchokera pa Wembley kufika pa Trafalgar Square, mumzinda womwewo, panapita zaka 98. Koma pa Chichiri, kwathu kwenikweni, kakalata ka dzina la wosema sikanafikebe pa matebulo ambiri.

Mu 2016 boma linakhazikitsa ndondomeko yolimbikitsa kugula katundu wa m'dziko muno, ndipo pa tsiku lotsegulira chionetsero akuluakulu amayendera matebulo, zithunzi n'kujambulidwa. Izo zili apo. Koma mbiri tafotokozayi ikuonetsa kuti nsompho imatsata wogula kuposa zolankhula za pansanja. Pamene wogula anali mnansi tinali ndi mitsuko ya mphini; wogula atakhala mlendo tinapeza nyamalikiti ndi bawo lopinda. Ndipo mnansiyo sanafe. Pitani pa chinkhoswe chilichonse mu Chilomoni kapena mu Bangwe, mukaona lichero, mthiko, chipande ndi nkhwangwa zikuperekedwa kwa akuchimuna ndi akuchikazi, zonse zopangidwa pamanja, zonse zogulidwa ndi kwacha. Yang'anani m'makonde a nyumba za m'tauni, muona mipando yoluka yomwe ku Cape Town amaitcha dzina la dziko lathu. Pomwe mmisiri wapanga chinthu akuganizira ife, timagula popanda wotikakamiza.

Okonza zionetsero angathe kuthandiza ndi zinthu zosafuna ndalama zambiri: kutsitsa malipiro a malo kwa wosema wobwera yekha ndi ntchito yake, ndiponso kupempha kuti chinthu chilichonse chikhale ndi kakalata konena dzina la wopanga, mudzi wake ndi mtundu wa mtengo. Inunso owerenga muli ndi gawo lanu, ngakhale m'thumba mutakhala mwauma. Funsani kuti anasema ndani, amakhala kuti, ndipo mtengowo ndi wanji. Ngati njovu simukuifuna, nenani chomwe mukadagula, kaya ndi chopondera cha mwana, kaya ndi mbale yoikamo mtedza, kaya ndi nkhope ya agogo anu. Mwina wogulitsayo ayankha kuti sakudziwa. Koma akafunsidwa ndi anthu khumi, chaka chamawa adzabwera akudziwa, ndipo uthenga udzafika ku Chingale kuti ku Blantyre kuli anthu ofuna kumva dzina la mwini nsompho.